Dandaulo la Sista Esme pa Kompyuta Imene Inapita ku Maliro

KALABU YA MASEWERA A PAKOMPYUTA YA MZIMBA BOMA
Zolembedwa za msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Chipinda cha kalabu, kuseri kwa golosale ya Mayi Tembo
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Opezeka:
Bambo Nicholas Jere, Wapampando
Bambo Hector Moyo, Wachiwiri kwa Wapampando
Mayi Linily Kachingwe, Mlembi
Bambo Aubrey Shaba, Woyang'anira makina
Mayi Bessie Tembo (NyaTembo), membala komanso mwini chipinda

Woitanidwa: Sista Esme Kapalamula, wodandaula

Opepesa: Bambo Kizito Chimwala, ali ku ntchito. Mayi Chawanangwa Nyirenda, ali ku Engutwini kukolola.

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo anapempha Bambo Moyo kuti apemphere. Pempherolo linali lalitali, ndipo linaimaima pa "mitima youma ya anthu ena" popanda kutchula dzina. Sista Esme, amene anakhala pafupi ndi chitseko, anayankha ameni mokweza kuposa wina aliyense.

Wapampando anati nkhani ndi imodzi yokha, ndipo iyenera kutha 5 koloko isanakwane, chifukwa ndiyo nthawi imene okonza mpikisano wa chigawo ku Mzuzu atsekere kulandira maina. Kalabu yathu imatumiza munthu mmodzi.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

Wapampando anati zisawerengedwe chifukwa cha nthawi. Mlembi anakumbutsa kuti nthawi yomweyo inakwanira pemphero. Wapampando anati Mlembi alembe, asalankhule. Mlembi akulemba.

3. DANDAULO LA SISTA ESME

3.1 Pothandiza amene adzawerenge izi osadziwa nkhani: Loweruka lapitali kunali ndime yomaliza ya mpikisano wa kalabu, pakati pa Sista Esme ndi Bambo Justus Zgambo. Masewerawa ndi a anthu awiri osakana ndi mfuti m'chinyumba chakale cha makina. Amene wayamba kumva mapazi a mnzake ndiye amapulumuka. Mahedifoni a kalabu ndi a mawu ozungulira: phazi la kumbuyo limamvekera kumbuyo, la kumanzere limamvekera kumanzere. Atachita mayere, Sista Esme anagwera kompyuta yoyamba, Bambo Zgambo yachiwiri. Bambo Zgambo anapambana mosatuluka thukuta.

3.2 Sista Esme anati wasewera pa kalabu ino chaka chathunthu ndipo palibe amene anamuzemberapo kumbuyo. Anati: "Munthu akamabwera kumbuyo kwanga ndimamumva ngati mmene ndimamvera wodwala akutembenuka pabedi la kumapeto kwa wodi. Tsiku lija mapazi onse ndimawamvera apa, paliwombo. Kumanzere paliwombo, kumanja paliwombo, kumbuyo paliwombo. Ndinakweza dzanja, anthu nkumandimwetulira."

Anaonjeza kuti masewera atatha anthu anamugwira chanza mmodzimmodzi akumati wachita ulemu, ndipo Mayi Tembo anamupatsa chakumwa chozizira chaulere, chinthu chimene mamembala akale akuti sichinachitikepo. Anati anabwerera kunyumba osamvetsa chimene akuthokozedwera. Pempho lake ndi lakuti ndime yomaliza ibwerezedwe pa makina abwino.

3.3 Mayi Tembo anapempha kulankhula, ndipo anayamba asanaloledwe. Anati aliyense akudziwa kuti Justus anaika mayi ake m'manda ku Manyamula Lachinayi, nkubwera kudzasewera Loweruka maso akadali ofiira. Anati onse anaona Sista ataima chilili mwana akumuyandikira kumbuyo, ndipo onse anamvetsa kuti chimenecho ndi chipepeso. Anati: "Tinati uyu ngakhale ndi mlendo waleredwa bwino chomene. Lero akuti bwezani. Asista, ukapereka nkhuku pamaliro, sumapita Lolemba kukati bwezani nkhuku yanga, inali yoikira."

Sista Esme anayankha kuti: "Amayi, ine nkhuku sindinapereke. Inachita kugwidwa m'khola ine ndikuona."

3.4 Bambo Moyo anati vuto la anthu otumizidwa kuno ndi boma ndi lakuti amabwera ndi masutikesi koma mwambo amausiya kwawo. Anati mwina ku Ntcheu kwawo kwa Sista zinthu zimayenda mwina. Mlembi, amenenso anabwera ndi sutikesi, anadziwitsa komiti kuti malinga ndi zimene anamva, ku Ntcheu nakonso anthu amamwalira ndipo amaikidwa mwaulemu. Wapampando analamula kuti mawu a Bambo Moyo ndi a Mlembi onse asalembedwe. Alembedwa, kuti adziwike amene sanayenera kulembedwawo.

3.5 Wapampando anafunsa Sista ngati sangadikire chaka chamawa, popeza ndi katswiri ndipo adzapambana ndithu. Sista Esme anati chaka chamawa kulibe: anamuuza kale ku ntchito kuti mu Ogasiti asamukira kudera kumene magetsi amawaonera patali. Anati ulendo wa ku Mzuzu ndi uno, kapena palibe. Mayi Tembo anati zimenezo ndi zomvetsa chisoni, koma si maliro.

4. LIPOTI LA WOYANG'ANIRA MAKINA

4.1 Atafunsidwa ngati kompyuta yoyamba ili ndi vuto, Bambo Shaba anayang'ana Wapampando. Wapampando anayang'ana denga. Mlembi anabwereza funsolo pang'onopang'ono, ndipo Bambo Shaba anati ili nalo.

4.2 Anafotokoza motere. Mwambo wa kalabu ndi wakuti membala akaferedwa, kompyuta yoyamba ndi zokuzira mawu zimapita kumaliro popanda kufunsa komiti. Zinapitadi ku Manyamula pa lole ya matabwa ya Wapampando, woziyang'anira ali Bambo Moyo. Kumeneko Bambo Moyo analumikiza saundikhadi yawo yapadera, kabokosi kotengera mawu kuchokera ku kompyuta kupita ku zokuzira mawu. Kabokosiko sikagwira ntchito popanda dalaivala wake, kapulogalamu kamene kamauza kompyuta njira yotulutsira mawu, ndiye anamulowetsa kuchokera pa fulashi yawo. Popeza sipika yamoyo inali imodzi yokha, imene anaimangirira mumtengo, anasinthanso kuti mawu onse azitulukira njira imodzi, kuti besi ya kwaya isasowe.

4.3 Bambo Shaba anati kompyuta itabwerako, kabokosi kanachotsedwa koma dalaivala wake anatsalira, nkulanda mpando wa dalaivala wa mahedifoni. Kuyambira pamenepo kompyuta ikutenga mahedifoni athu ngati sipika ya mumtengo ija. Mawu akutuluka bwinobwino, koma onse aunjikidwa pamalo amodzi.

4.4 Mlembi anafunsa ngati makinawo anayesedwa mpikisano usanayambe. Bambo Shaba anati anapukuta fumbi, anavala mahedifoni, anamva kuti akulira, nkunena kuti mbwenu, ndiye kuti basi. Anati vutolo analipeza Lolemba Sista atadandaula, ndipo anauza Wapampando tsiku lomwelo, koma anauzidwa kuti asakhudze chilichonse ndipo asauze munthu.

Wapampando anati sananene kuti abise, ananena kuti adikire. Mlembi anafunsa kuti adikire chiyani. Wapampando anati adikire kuti mitima izizire. Komiti inaona kuti ngakhale kunja kuli mphepo ya Juni, mitima sinazizire.

4.5 Bambo Moyo anaimirira. Anati: "Ndiye mukufuna kulemba m'buku kuti maliro a mayi a mnzathu ndiwo analakwa? Kapena ndine ndinalakwa, kuti nyimbo zimveke? Zinamveka mpaka kumsika wa Manyamula! Mukanakhalapo mukanalira." Bambo Shaba anati palibe amene akutsutsa kuti nyimbo zinamveka, ndipo iye mwini analirako, akungonena kuti kompyuta inabwerako ikadali pamaliro. Bambo Moyo anamenya tebulo. Tebulo ndi la Mayi Tembo, ndipo iwo anamukumbutsa zimenezo.

4.6 Sista Esme anapempha kuti zilembedwe kuti iye sakudandaula za maliro, kapena za nyimbo, kapena za mtengo umene anamangirirapo sipika. Akudandaula kuti anamusewezetsa ndi khutu limodzi kenako nkumuthokoza.

5. MAGANIZO NDI VOTI

5.1 Bambo Moyo anapereka ganizo lakuti zotsatira zikhale momwemo, dzina la Bambo Zgambo lipite ku Mzuzu. Mayi Tembo anavomereza, akumati mwana wamasiye sumamulanda chimene wagwira kale m'manja.

5.2 Bambo Shaba anapereka ganizo lakuti akonze makina, ndime yomaliza ibwerezedwe lero. Mlembi anavomereza.

5.3 Wapampando anabweretsa njira imene anaitcha yapakati: lipite dzina la Bambo Zgambo, koma Sista aperekeze ngati mlangizi. Sista Esme anafunsa ngati mlangiziyo ndi amene amanyamula chikwama. Njira yapakati inathera pomwepo.

5.4 Voti inatha awiri kwa awiri. Malamulo a kalabu akuti zikatero Wapampando ndiye amadula. Wapampando anafunsa ngati malamulowo amalola kuti Wapampando asavote. Mlembi anati salola. Anafunsa ngati amalola kuimbira foni opepesa. Mlembi anati salolanso, ndipo ku Engutwini netiweki imafuna kukwera chulu. Wapampando anati iye ndiye analankhula m'malo mwa kalabu pamanda, ndipo sakuona nkhope imene angapite nayo kwa a Zgambo kukawauza kuti abweze. Anatinso Sista anamusamalira mwana wake atadwala malungo, ndipo sakuona nkhope imene angabwerere nayo kuchipatala. Mlembi anati komiti ikufuna dzanja, osati nkhope. Nthawi inali itapitirira hafu pasiti 3.

6. KULOWA KWA BAMBO JUSTUS ZGAMBO

6.1 Bambo Zgambo sanaitanidwe ku msonkhanowu. Wapampando anali atalamula kuti asavutitsidwe. Komabe zinapezeka kuti anali atakhala pakhonde la golosale kuyambira pa pemphero, ndipo khoma la chipinda chathu ndi la matabwa a ku Chikangawa, amene Wapampando mwiniwake anatigulitsa akumati ndi okhuthala.

6.2 Anagogoda, nalowa, napereka moni kwa aliyense mwaulemu. Palibe amene anamuyang'ana kumaso. Mayi Tembo anamuuza kuti apite kunyumba akapume, akuluakulu akukonza zonse. Iye anapempha chinthu chimodzi: kuti avale mahedifoni a kompyuta yoyamba mmene alilimo.

6.3 Wapampando analola. Bambo Shaba anatsegula poyesera mawu, pamene kabelu kamalira mbali imodzi ndi imodzi kuzungulira mutu, ndipo anauza Bambo Zgambo kuti atsinzine, aziloza kumene kakulira. Kanalira kutsogolo kumanzere, analoza paliwombo. Kanalira kumbuyo kumanja, analoza paliwombo. Kanazungulira konse, chala chili pamutu ngati munthu wodandaula litsipa.

6.4 Anavula mahedifoni natembenukira kwa Sista Esme. Zimene zinatsatira Mlembi wazilemba monga zinalankhulidwira.

"Asista, ndiye kuti tsiku lija simunandisiyire?"

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono pokha?"

"Achimwene, ine ndimafuna kukuwombani pamphumi. Sindimakumvani basi."

Bambo Moyo anati "A Wapampando, mwamva?" Koma Bambo Zgambo anali atayamba kuseka. Anaseka mpaka anaphimba nkhope ndi manja, ndipo kwa kanthawi komiti sinadziwe ngati akuseka kapena ayi. Mlembi sanafufuze.

6.5 Atakhazikika, Bambo Zgambo anati kuyambira tsiku la maliro palibe amene wamutsutsapo kanthu. Kuchigayo amamupititsa kutsogolo. Anzake akamacheza, iye akafika nthabwala zimazima. Anati tsiku lina ananena dala kuti mvula igwa mu Julaye, anthu nkuvomera. Anati anabwera kudzasewera Loweruka lija chifukwa chipinda chino ndi malo okhawo m'boma lonse la Mzimba kumene ankadziwa kuti wina afuna kumupha. Ataona Sista ataima chomufulatira, anati mumtima, "nakunonso?" Anawombera ndi manyazi, ndipo nchifukwa chake sanaonekenso pa kalabu sabata yonse.

Anati: "Amama sanandisiyirepo bawo. Ndili mwana ankandidya mpaka ndilire, nkundiuza kuti pukuta mamina, tchera kachiwiri. Ndiye ine ndipite ku Mzuzu m'dzina lawo ndi chigonjetso chopemphetsa?"

6.6 Mayi Tembo anati anthu anachita zimenezo pomukonda. Bambo Zgambo anati: "Yewo chomene, amama. Ufa munabweretsa ndinalandira, nkhuni ndinalandira. Ichi chokha ndapota, chibwerere kwa mwini wake."

6.7 Bambo Moyo anati ganizo lake salibweza, chifukwa mwamuna sabweza mawu, koma saliimiranso kumbuyo. Mlembi sakudziwa dzina la zimenezi m'malamulo a misonkhano, ndipo wangozilemba. Apa Wapampando anapeza dzanja lake, nalikweza, nati ndime yomaliza ibwerezedwe, monga mmene iye ankaganizira kuyambira pachiyambi.

7. KUKONZA MAKINA

7.1 Nthawi inali 4 koloko. Bambo Shaba anachotsa dalaivala wa kabokosi. Bambo Moyo anadandaula kuti dalaivalayo amufuna pa ukwati Loweruka likubwerali. Anakumbutsidwa kuti akadali pa fulashi yawo, ndipo kompyuta yoyamba sinaitanidwe ku ukwatiwo.

7.2 Kompyuta inazimitsidwa nkuyatsidwanso. Itadzuka, mahedifoni anakhala chete kotheratu. Paliwombo pomwe panalibe kanthu. Sista Esme anaimirira, nayang'ana wotchi, nakhalanso. Bambo Moyo anati ananena. Sanafotokoze kuti ananena chiyani.

7.3 Bambo Shaba anati dalaivala wa mahedifoni anatsala wopunduka, ndipo kumulowetsa watsopano pamwamba pake nkusoka chigamba pa nsalu yowola. Anazula mahedifoni, nachotsa dalaivala wakaleyo, nalowetsa wina kuchokera pa fulashi ya kalabu, nazimitsanso kompyuta. Ulendo uno inaganiza zodzuka mwaufumu, kachizindikiro kakungozungulira pa sikirini. Kasitomala anagogoda kugolosale kufuna sopo, ndipo Mayi Tembo anakuwa kuti atseka. Wapampando anali atalemba kale dzina la Bambo Zgambo pa foni yake, "pokonzekera chabe", ndipo Bambo Zgambo ataona anamuuza kuti alifufute.

7.4 Kompyuta itadzuka, Bambo Shaba analumikiza mahedifoni, nabwezera mawu ozungulira, nachotsa zija za njira imodzi. Sista Esme anavala natsinzina. Kabelu kanalira, ndipo chala chake chinakatsatira mbali zonse osaphonya. Pa kabelu ka kumbuyo kumanja chalacho chinaloza Bambo Moyo, amene anaima pamenepo. Komiti ikukhulupirira kuti zinangochitika. Kompyuta yachiwiri inayesedwanso pamaso pa onse ndipo inapezeka yabwino.

8. KUBWEREZA NDIME YOMALIZA

8.1 Bambo Zgambo anadzipereka kukhala pa kompyuta yoyamba. Sista Esme anakana, nati zosiyirana zatha, achite mayere. Mayere anamupatsabe Bambo Zgambo kompyuta yoyamba.

8.2 Msonkhano unaima kaye kuti masewera achitike. Mlembi sakakamizidwa kulemba zochitika msonkhano utaima, koma anali pomwepo. Masewerawo anali olimba. Bambo Zgambo anatsogola poyamba ndipo Mayi Tembo anaimba nthungululu. Sista anabweza. Pa mpata womaliza Bambo Zgambo anayesa njira yomwe ija ya sabata yatha, kuzungulira kuseri kwa makwerero mwakachetechete. Asanatulukire pakona, Sista anali atatembenuka kale akumudikira. Bambo Zgambo anatulutsa mawu a Chitumbuka amene Mayi Tembo anakana kumasulira.

8.3 Msonkhano unayambiranso. Komiti inavomereza kuti Sista Esme Kapalamula ndiye aimire kalabu ku Mzuzu. Wapampando anatumiza dzinalo 5 koloko itatsala pang'ono, ndipo anaonetsa komiti yankho la okonza mpikisano lakuti alandira.

9. ZOGWIRIZANA

(a) Kompyuta yoyamba ipitiriza kupita kumaliro a mamembala popanda kufunsa komiti. Onse anavomereza, ndipo Sista Esme, ngakhale alibe voti, anakweza dzanja.

(b) Ikabwerako, Woyang'anira makina aziyesa mbali zonse za mahedifoni, pali mboni. Mawu akuti "ikulira, mbwenu" sakhalanso lipoti.

(c) Membala asathokozedwe chifukwa chogonja asanafunsidwe ngati anagonja mwadala.

10. ZINA NDI ZINA

10.1 Sista Esme anati tsiku la maliro anali pa ntchito ndipo sanakapepese kwa a Zgambo, chinthu chimene chakhala chikumuvutitsa kuposa mmene komiti ikuganizira. Anapempha kuti wina amuperekeze ku Manyamula mawa akaweruka ku tchalitchi, popeza sadziwa malowedwe a pakhomo la anamfedwa kuno. Mayi Tembo anati amuperekeza okha, chifukwa akamusiya yekha akayamba ndi kupereka moni kwa ana. Anamuuza kuti avale chitenje ndipo asapite chimanjamanja. Sista anafunsa ngati nkhuku ikwanira. Mayi Tembo anati ikhale yoikira.

Bambo Zgambo anati nkhuku imeneyo alandira, ndipo sabweza.

10.2 Bambo Moyo anapempha kuti zilembedwe kuti nyimbo za ku Manyamula zinamveka bwino. Zalembedwa. Zinamvekadi.

10.3 Bambo Zgambo anapempha kuti zilembedwe kuti wagonja akumva ndi makutu onse awiri, ndipo akufuna kutchera kachiwiri Sista asanasamuke. Sista Esme anati apukute kaye mamina. Wapampando anayamba kulamula kuti mawuwo asalembedwe, koma Bambo Zgambo anati alembedwe, ndipo Mlembi awalembe mmene anenedwera.

11. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, 12 Julaye 2025, 2 koloko masana, malo omwewa. Zolembedwa za misonkhano iwiri zidzawerengedwa, kaya pemphero litalike bwanji.

12. KUTSEKA

Wapampando anapempha Bambo Moyo kuti atseke ndi pemphero. Linali lalifupi, ndipo mitima youma sinatchulidwe. Msonkhano unatha nthawi ya 5:20 madzulo, Bambo Zgambo atavalanso kale mahedifoni.

Wapampando: Nicholas Jere ____________________

Mlembi: Linily Kachingwe ____________________